Kodi luso la Jimi Hendrix linali pati, poti anyamata a lero amathamangitsa zala kuposa iye?

Funso: Ndimaimba gitala ya lidi m'bandi ya kutchalitchi kwathu ku Zomba. Amalume anga, amene anakulira ku Kitwe, sasiya kutama Jimi Hendrix ndi mabandi a rock a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Ndamumvera pa YouTube koma ine ndikungomva phokoso, ndipo pa intaneti ndaonapo anyamata ambiri amene zala zawo zimathamanga kuposa zake. Luso lake linali pati? Kapena ndi akuluakulu chabe amene safuna kuiwala za pa unyamata wawo?

Yankho: Pa nkhani ya liwiro mwanena zoona, achimwene. Alipo ana a zaka 15 lero amene angaimbe manoti ochuluka pa sekondi imodzi kuposa Hendrix, ndipo angawaimbe mosaphonya. Ngakhale m'masiku akewo, oimba jazz ena ankamusiya kutali pa liwiro. Koma amalume anu sakutama liwiro. Iwo akutama munthu amene anapeza gitala yamagetsi ikugwiritsidwa ntchito ngati gitala wamba yongokuzidwa mawu, n'kuisiya ili chida china, ndipo anachita zimenezi m'zaka zinayi zokha. Zambiri zimene anyamata a pa intanetiwo amachita ndi mawu a gitala, iwo anazipeza zilipo kale, pamene iye anachita kuzifufuza ndi khutu lake.

Ndikupemphani muyambe kumumvera kuchokera kumbali imene anthu ambiri saiganizira, ndiyo ya rizimu. Hendrix anabadwira ku Seattle mu 1942. Atatuluka usilikali mu 1962, anatha zaka zingapo akuimbira anthu ena kumbuyo m'mabala ndi m'maholo a anthu akuda a ku America. Anaimbirako Isley Brothers, Little Richard ndi King Curtis. Pa ntchito yoteroyo palibe amene amakupatsa mpata wodzionetsera. Woimba wamkulu amafuna kuti ugwire nthawi, udzaze mipata imene iye akupuma, ndipo usamuphimbe. Ukalakwa amakudula malipiro kapena kukusiya pamsewu. Sukulu yake inali imeneyo, poti manoti olembedwa papepala sankawawerenga.

Zotsatira zake zimamveka bwino m'nyimbo yake yofatsa ya "Little Wing", ya mu 1967, imene sifika ngakhale mphindi zitatu. Mverani chiyambi chake chokha, mubwereze kangapo. Mudzaganiza kuti pali magitala awiri, wina akugwira makodi, wina akuyendetsa kanyimbo pamwamba, koma ndi munthu mmodzi. Anali ndi manja aakulu, ndipo ankakoloweka chala chachikulu pamwamba pa khosi la gitala kuti chigwire noti ya besi pa nsambo yonenepa. Potero zala zinayi zotsalazo zinkakhala zomasuka kukongoletsa makodi ndi timanoti tokwera ndi kutsika. Kaimbidwe kameneka anakatengera kwa Curtis Mayfield wa gulu la The Impressions, koma anakafikitsa patali. Tengani gitala yanu muyesere masekondi 30 oyambirirawo. Manotiwo mudzawapeza, vuto mudzaliona pofuna kuti amveke omasuka chonchija koma nthawi osaitaya. Kwa ine, amene akufuna kudziwa ngati Hendrix anali katswiri ayambire pamenepa, asanafike ku zaphokosozo.

Kwawo sanadziwike msanga. Chas Chandler, amene ankaimba besi m'gulu la The Animals, ndiye anamumva ku New York n'kumutengera ku London mu September 1966. Kumeneko anamupezera anzake awiri, Noel Redding pa besi ndi Mitch Mitchell pa ng'oma. Nthawi imeneyo Eric Clapton ndiye ankaonedwa ngati mfumu ya gitala ku England, ndipo anali atangoyambitsa gulu la Cream. Pa 1 October 1966, patangotha sabata imodzi Hendrix atafika, anapempha kukwera nawo pa nsanja ku Regent Street Polytechnic, naimba nyimbo ya blues ya Howlin' Wolf mwaliwiro ndi mwamphamvu moti Clapton anasiya kuimba. Clapton yemweyo pambuyo pake sanabise mmene anadzidzimukira usiku umenewo, ndipo awiriwa anadzakhala mabwenzi.

Kuti mumvetse chifukwa chake anyamata a ku England anagwidwa mtima chotere, dziwani kuti onsewo anali ophunzira a blues. Clapton, Jimmy Page, Jeff Beck ndi Keith Richards anaphunzira gitala pomvera zimbale za anthu akuda a ku Mississippi ndi Chicago monga Muddy Waters, B.B. King ndi Howlin' Wolf. Dzina lenileni la Rolling Stones linachokera ku nyimbo ya Muddy Waters. Tsono anangoona patulukira munthu amene nyimbo zimenezi sanaziphunzire pa chimbale chokha, anaziimba usiku ndi usiku pakati pa eniake. Pamenepa ndiyenera kunenapo chimene okonda rock ena amachilambalala: si mabandi onse amene analemekeza eni nyimbo moyenera. Led Zeppelin inagwiritsa ntchito mawu a nyimbo ya Willie Dixon popanda kumutchula, mpaka mkuluyo anakasuma mu 1985 ndipo nkhaniyo anakaithera kunja kwa khoti. Luso la Page, woimba gitala wa gululi, silichotsa mlandu umenewo, ndipo ndi bwino kuudziwa.

Tsopano tibwere ku chimene inu mwachitcha phokoso. Mukudziwa zimene zimachitika kutchalitchi maikolofoni ikayandikira sipika: pamamveka kulira kobaya m'makutu ndipo aliyense amathamangira kukatsitsa. Gitala yamagetsi imachitanso chimodzimodzi. Ampulifaya ikakwezedwa kwambiri, mawu ochokera m'sipika amagwedeza nsambo, nsambozo n'kutumizanso mawu ku ampulifaya, ndipo zimangozungulira choncho. Akatswiri a zamagetsi ankaona ichi ngati vuto loyenera kulithetsa. Hendrix sanali woyamba kuchiyesa, poti Pete Townshend wa The Who ndi Jeff Beck anali atayambapo, koma iye anachiweta. Anazindikira kuti akaima malo akutiakuti pafupi ndi ampulifaya yake ya Marshall ya mawati 100, n'kupendeketsa gitala mwakutimwakuti, kulirako kumatuluka pa noti imene iye akufuna ndipo kumakhala nthawi yonse imene iye afuna. Gitala wamba ukaikhudza, mawu amayamba kuzilala pomwepo. Iye anaipangitsa kukoka mawu monga achitira munthu woimba kapena woliza lipenga.

Zida zake zinali zochepa poyerekeza ndi zimene zili m'foni yanu lero. Anali ndi gitala ya Fender Stratocaster ya anthu a dzanja lamanja, imene iye pokhala wamanzere ankaitembenuza n'kusintha nsambo. Pansi ankaika timabokosi toponda ndi phazi: ka Fuzz Face kokhakhalitsa mawu, ka wah-wah kopangitsa gitala kumveka ngati kamwa likutseguka ndi kutsekeka, ka Octavia kamene anamupangira Roger Mayer, ndipo pambuyo pake ka Uni-Vibe. Chinsinsi chachikulu chinali pa kabatani ka voliyumu ka pa gitala penipenipo. Fuzz Face imayera mawu ukatsitsa pang'ono voliyumu ya gitala, ndipo imalusa ukakweza. Choncho m'nyimbo imodzi ankatha kuchoka pa mawu oyera ofewa kufika pa mkokomo, n'kubwereranso, ndi kachala kamodzi. Amene amangokweza zonse mpaka kumapeto n'kumati akuimba ngati Hendrix sanamumvetse.

Mukafuna kumva kuti phokosolo linali ndi tanthauzo, pezani "Machine Gun" ya pa chimbale cha Band of Gypsys, yojambulidwa pamaso pa anthu ku Fillmore East mumzinda wa New York pa 1 January 1970, ali ndi Billy Cox pa besi ndi Buddy Miles pa ng'oma. Nkhondo ya ku Vietnam inali mkati, ndipo m'mizinda ya ku America munali zipolowe. Nyimboyo imapitirira mphindi 12, ndipo yonse yakhazikika pa kiyi imodzi. Gitala ndi ng'oma zimalira ngati mfuti, kenako solo imayamba ndi noti imodzi yokha, yokokedwa m'mwamba n'kuigwira pamenepo kwa nthawi yaitali ikunjenjemera. Palibe liwiro lililonse pa noti imeneyo, koma ndi oimba ochepa kwambiri amene angaimbe noti imodzi n'kukuimitsani tsitsi chotero. M'kati mwake mudzamva ndege zikutsika, mabomba akuphulika ndi anthu akubuma, zonse kuchokera m'nsambo zisanu ndi imodzi. Anachitanso zofanana ndi zimenezi pa chikondwerero cha nyimbo cha ku Woodstock m'mawa wa Lolemba pa 18 August 1969, anthu ambiri atapita kale, pamene anaimba nyimbo ya fuko la America n'kulowetsamo mkokomo wa nkhondo. Munthu amene anavalapo yunifomu ya usilikali ananena maganizo ake pa dziko lake osatulutsa liwu n'limodzi lomwe.

Sindikuuzani kuti zonse zimene mudzapeze pa YouTube n'zabwino. Anamwalira ku London pa 18 September 1970 ali ndi zaka 27, atatulutsa zimbale zitatu zokha za mu situdiyo: Are You Experienced ndi Axis: Bold as Love mu 1967, ndi Electric Ladyland mu 1968. Chimwalirireni, anthu akhala akutulutsa chilichonse chimene anachipeza pa tepi, kuphatikizapo masiku amene anali wotopa, gitala itasokonekera machunidwe, kapena mankhwala ozunguza bongo atamusokoneza. N'kutheka kuti munagwera pa zoterezi. Zoimba ndi mano, zoimbira kumbuyo kwa mutu, ndi zotentha gitala monga anachitira pa chikondwerero cha nyimbo cha ku Monterey mu June 1967, zinali zokopa maso, ndipo zambiri mwa izo anaziona kwa oimba akale a blues monga T-Bone Walker. Iye mwini zinayamba kumutopetsa anthu atayamba kumabwera kudzaonera zimenezo m'malo momvera. Muyambe ndi zimbale zitatuzo, mutavala mahedifoni, ndipo muzikumbukira kuti choyambacho chinajambulidwa pa makina a matiraki anayi okha, popanda kompyuta yokonzera noti yolakwika.

Amalume anu atchulanso mabandi ena, ndipo muyeso wake ndi womwewo. Woimba gitala wa nthawi imeneyo umamuzindikira atangoimba manoti atatu kapena anayi, ngati mmene umazindikirira mawu a munthu pafoni. Kawirikawiri mawu akewo ankachokera m'kusowa kapena m'vuto. Tony Iommi wa Black Sabbath anadulidwa nsonga za zala ziwiri ndi makina pafakitale ya zitsulo ku Birmingham ali ndi zaka 17, ndipo zinali zala za dzanja logwirira nsambo. Anadzipangira tizisoti ta pulasitiki tovala kuzalako, anayamba kugwiritsa ntchito nsambo zopyapyala, ndipo pofika pa chimbale cha Master of Reality mu 1971 anali atatsitsa machunidwe a gitala kuti nsambo zifewe. Kutsitsako kunabweretsa mawu olemera, amdima, amene mabandi a heavy metal akhala akuwatsata mpaka lero. Brian May wa Queen analibe ndalama zogulira gitala yabwino, choncho iye ndi bambo ake anayamba kupanga yawoyawo mu 1963. Khosi lake analisema kuchokera ku thabwa lakale la pamalo oothera moto m'nyumba, ndipo gitala yomweyo ndi imene waimba moyo wake wonse, akuikhwatcha ndi kandalama kachitsulo. Keith Richards amachotsa nsambo yonenepa ija n'kuchuna zisanu zotsalazo kuti zizilira G osagwira paliponse, ndipo nyimbo zambiri zotchuka za Rolling Stones zinabadwira m'machunidwe amenewo. David Gilmour wa Pink Floyd sathamanga n'komwe. Luso lake lili pa kukoka nsambo mpaka ifike ndendende pa noti imene akufuna, osapitirira kapena kuperewera, ndi kudziwa nthawi yokhala chete.

China chimene mavidiyo a mnyamata ali yekha m'chipinda sangakuonetseni ndi bandi. Nyimbo zimenezi zinkaimbidwa ndi anthu atatu kapena anayi ali m'chipinda chimodzi, akumverana. Zili ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi: wina akatsitsa munsi, mnzake amakhala atakweza, ndipo wina akangotaya nthawi minsi imagundana. Mitch Mitchell anakulira mu jazz, ndipo sankangogwira nthawi, ankayankha chilichonse chimene Hendrix waimba. Ku Led Zeppelin, mphamvu imene anthu amaiika pa gitala ya Page theka lake inkachokera kwa John Bonham pa ng'oma ndi John Paul Jones pa besi. Bonham atamwalira mu September 1980, anzake atatuwo analengeza mu December chaka chomwecho kuti gululo latha. Akanatha kulemba ntchito woimba ng'oma wina aliyense padziko lapansi, koma anadziwa kuti sizidzamvekanso chimodzimodzi.

Poti amalume anu anakulira ku Kitwe, ndikhulupirira kuti chikondi chawocho sichinachokere ku zimbale zakunja zokha. Ku Zambia, makamaka ku Copperbelt ndi ku Lusaka, anyamata a m'ma 1970 anamva Hendrix, Rolling Stones, Black Sabbath ndi James Brown n'kupanga nyimbo zawozawo zimene lero zimatchedwa Zamrock. Migodi ya kopa inkabweretsa ndalama m'matauni, anthu ankagula zimbale, ndipo pakati pa zaka zimenezo boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pawailesi zikhale za m'dzikomo. Kampani ya Teal ku Ndola inkadinda zimbale, ndipo Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ankatulutsa nyimbo za mabandi ambiri. Kunali Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, kunali Amanaz imene inatulutsa chimbale cha Africa mu 1975, kunali WITCH, imene woimba wake Emmanuel Chanda anapatsidwa dzina loti Jagari potengera Mick Jagger, woimba wa Rolling Stones. Ndipo kunali Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, amene ankaimba gitala ndi mano ngati Hendrix, fuzz yake ili yokhakhala kuposa ya azungu ambiri, akuimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja za moyo wa m'makomboni.

Mwa zonse zimene oimba a rock anasiya, izi ndi zimene zimandikhudza kwambiri, chifukwa anyamatawa sanangokopera. Anatenga mawu a gitala aja n'kuwaika pa kagundidwe ka ng'oma za kwawo ndi pa nkhani za kwawo. Mtengo wa kopa utagwa, chuma chinasokonekera, malamulo oletsa kuyenda usiku anapha madansi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 Edzi inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari, yekhayo wotsala mwa amene anayambitsa WITCH, anakhalapo mphunzitsi, kenako n'kumakumba miyala yamtengo wapatali. Patapita zaka zambiri, kampani ya Now-Again ya ku America inayamba kutulutsanso zimbale zakalezo, WITCH inadzukanso n'kumayenda m'maiko a ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 inatulutsa chimbale chatsopano cha Zango. Mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family ya "Nizakupanga Ngozi" n'kuchiika m'nyimbo yake, moti achinyamata a m'maiko ambiri anamva Chinyanja pamwamba pa gitala ya Paul Ngozi. Akufotokozereni amalumewo za madansi a masiku amenewo, poti anthu amene anaziona ndi maso akucheperachepera.

Kunja kwa Zambia mzerewo ndi wautali. Eddie Hazel wa Funkadelic, Ernie Isley (amene ali mwana ankamuona Hendrix akukhala m'nyumba mwawo), Prince, Stevie Ray Vaughan ndi John Frusciante wa Red Hot Chili Peppers onse anamwa pachitsime chimenechi. Ngakhale liwiro limene mukuliona pa intanetilo lili ndi kholo lake m'rock yomweyo: linafala kwambiri Eddie Van Halen atatulutsa chimbale choyamba cha gulu lake mu 1978, akugogoda nsambo pakhosi la gitala ndi zala za manja onse awiri.

Kwa inu amene mumaimba lidi kumbuyo kwa kwaya kapena woimba wotsogolera, phunziro la Hendrix limene lingakuthandizeni msanga ndi la zaka zake zoimbira ena zija. Sankhani nyimbo imodzi yofatsa imene mumaimba kawirikawiri. M'malo mogwira makodi athunthu ndi chala chopingasa, gwirani noti ya besi ndi chala chachikulu, muimbe nsambo ziwiri kapena zitatu zokha, ndipo timanoti tokongoletsa muzitiika pokhapokha pamene woimba wapuma. Voliyumu ya pa gitala muziisiya chapakati pa vesi, muzikweza pofika pa kolasi, osathamangira ku ampulifaya. Pophunzira kukoka nsambo, yambani mwaimba noti imene mukufuna kufikapo, muisunge m'khutu, kenako mubwerere mafureti awiri m'mbuyo n'kukoka mpaka mawu afanane ndendende. Mudzijambule pafoni n'kumvera, chifukwa pamene ukuimba khutu limakunamiza. Ndipo nyimbo imodzi pa mwezi muziiphunzira ndi khutu lokha, osayang'ana vidiyo yosonyeza poika zala, monga ankachitira Hendrix: mu June 1967, patangopita masiku ochepa chimbale cha Sgt. Pepper cha The Beatles chitatuluka, iye anatsegulira konsati yake ku Saville Theatre ndi nyimbo yoyamba ya pa chimbalecho, Paul McCartney wa The Beatles ali m'gulu la omvera.